Makatoni Awiri mu Envelopu ya Viza

Sajeni anafika pa msewu wa akazembe dzuwa lili paliwombo, napeza anthu atachita bwalo pa kontena yosungitsa mafoni. Anali mayi wokhalitsa m'chipolisi, wosachedwa kupsa mtima, ndipo msewu umenewu sankaukonda m'pang'ono pomwe. Mipanda yake inali italiitali, yawaya pamwamba, ndipo kuseri kwa geti lililonse kunali dziko la eni ake kumene yunifolomu yake inali nsalu wamba. Ngakhale alonda a pamenepo ankamuyang'ana ngati wabwera kudzafuna ganyu.

Pakati pa bwalolo panali mayi wochepa thupi atakhala pa benchi, mwana wamkazi ali pamiyendo. Mwanayo anali wa zaka ngati zinayi, milomo yake yodera, ndipo ankapuma ngati wangothamanga kumene pomwe anali atangokhala phee. Chapambali panaima bambo wa suti yakuda, thukuta lili kamukamu, akuloza chala mwini kontena.

"Ameneyu mumumange, bwana! Wakuba uyu! Wandiphera mwana!"

"Inu ndinu ndani?" anafunsa Sajeni.

"Bambo wake wa mwanayu. Ndine dalaivala kwa kazembe wa kumapeto kwa msewu uko."

"Ndiye khalani kaye chete, a Dalaivala. Womanga anthu pano ndine." Anatembenukira kwa mayi wa pa benchi. "Mayi, chachitika n'chiyani?"

Mayiyo anali telala, ndipo ankayankhula motsitsa mawu ngati woopa kudzutsa munthu. Mwana wake, yemwe ankamutchula kuti Kabatani, anabadwa ndi bowo mumtima. Chipatala china cha kunja chinali chitavomera kumuchita opaleshoni, ndipo ndege inali ya mawa m'mawa. Akaphonya tsiku lomwe anawapatsa, abwerera kumapeto kwa mzere, ndipo dokotala anali atanena mosapsatira kuti mtima wa mwanayo sungadikire mzere wina.

"Viza atipatsa lero lomwe. Mapasipoti awiri, yanga ndi ya mwana, anali umu." Anapereka envelopu yakhaki yokhala ndi chidindo cha ofesi ya kazembe. "Ndakatsegulira kwa ogulitsa matikiti. Taonani zomwe ndapezamo."

Sajeni anakhuthulira envelopuyo m'dzanja. Munatuluka timakatoni tiwiri todulidwa bwinobwino pa msinkhu wa pasipoti, tomangidwa ndi kalabala.

"Pa windo munawaona mapasipotiwo ndi maso anu?"

"Ndinawaona. Mtsikana wa pa windo anandionetsa viza, n'kuwaika mkati, n'kumata ine ndikuona."

"Kenako?"

"Ndinatuluka, ndinatenga chikwama changa pa kontena pano, n'kuika envelopu mkati. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti zithunzi za pachifuwa za mwana ndaziiwala pa mpando mkatimo. Mukudziwa kuti chikwama ndi foni salowa nazo. Ndinasungitsanso, n'kuthamanga ndi mwana kumsana."

"Munachedwa?"

"Pang'ono. Anandisechanso ngati sanandionepo."

"Nanga inu, a Dalaivala, munali kuti nthawi imeneyo?"

"Pa ntchito, bwana. Kuyambira m'mawa ndinali ndi a kazembe, ndinawatengera ku msonkhano ku hotela. Ndikungowatula kumene, foni ya mayi awa ikulira. Ndikanakhalapo ine izi sizikanachitika!"

Kabatani anatukula mutu n'kuyang'ana Sajeni ndi maso aakulu otopa. "Anti, ndege yatisiya?"

"Sinatisiye, mwanawe," anatero Sajeni, ndipo anadzida chifukwa sankadziwa ngati akunena zoona.

* * *

Mwini kontena aliyense pa msewupo ankamutchula kuti Mayi Mafoni. Anali mzimayi wathupi, wa mawu oti akayankhula mbali ino alonda a tsidya amatseka mawindo. Koma tsopano chitenje chinali chitamasuka.

"Ine, bwana? Ine ndibe pasipoti ya mwana wodwala? Ndikaithawire kuti ndi maondo angawa? Anthu amandisiyira mafoni odula kuposa kontena yonseyi, palibe yemwe anasowetsapo ngakhale tchaja! Funsani msewu wonse, funsani ngakhale agalu a azungu awo!"

"Agalu ndiwafunsa bwino lino. Ndionetseni mmene mumasungira."

Mkati mwa kontena munali mashelefu a matabwa, zikwama zili ndondondo. Chikwama chilichonse chinali ndi chitsekerero cha botolo chopakidwa penti, ndipo chinzake cha mtundu womwewo ankatenga ndi mwini chikwama. Wobwera wopanda chitsekerero sankapatsidwa kanthu, ngakhale atalira magazi.

"Chikwama cha atelala chinali pati?"

"Apa, pafupi ndi chitseko, poti anati abwera pompano."

"Inu simunachoke?"

Mayi Mafoni anayang'ana pansi.

"Mayi, mwana uja akupuma movutika panja apo. Musanditayitse nthawi."

"Ndinachoka pang'ono chabe. Kunatuluka kamtsikana kena ka sukulu, atakamana viza. Kanangoti khu pakati pa msewu, kulira ngati kwagwa maliro. Mukanatani inu? Ine anthu otere sindiwasiya, ndimawamwetsa madzi n'kuwakhazika pamthunzi. Ndakhala ndikutero chiyambire."

"Munakhoma kontena?"

"Ayi."

"Munasiyira ndani?"

"Palibe, bwana. Inatsala yokha, chitseko chili pululu."

* * *

Moyang'anizana ndi kontena munali kachipinda kojambulira zithunzi za viza. Mwini wake, mnyamata wamkulu wowonda wa tindevu ta pachibwano, ankamutchula kuti Musaseke, chifukwa ndi mawu omwe ankauza aliyense wokhala kutsogolo kwa nsalu yake yoyera.

"Ine ndimaona nkhope zokha, bwana, ndiye zokwiya zokhazokha. Inuyo yanu ndi yabwino kale, ndingojambula osakuuzani kanthu."

"Ukandiseketsa ndikakutsekera. Mtsikana uja atagwa, unali kuti?"

"Pakhomo pano, ndikuonerera ngati wina aliyense."

"Pa kontena panapita ndani?"

"Munthu wapansi sindinamuone. Mwina galimoto."

"Galimoto yanji?"

"Zakudazi, za akazembe. Ina inaima pamenepo pang'ono. Koma bwana, zimenezo ife sitiziwerengera. Zimaima paliponse, ngakhale pakhomo pa chimbudzi, ndipo palibe wozifunsa. Tinazizolowera ngati mitengo."

"Ya kazembe uti?"

"Aa, zonse n'zofanana. Zakuda, zonyezimira, eni ake osapereka moni."

Sajeni anapukusa mutu. Anakhala pa kampando ka ojambulidwa n'kutulutsanso envelopu ija. Nyale ya Musaseke inali yowala kwambiri, ndipo atatembenuza envelopuyo anaona kanthu komwe panja padzuwa sanakaone. Pansi pa selotepi yomatira panali timabowo tinayi tating'ono, tiwiri uku tiwiri uku.

"Bwera kuno. Timabowo iti n'tachiyani?"

Musaseke anawerama, ndipo nthabwala zinamuthera. "Iyi anayamba aimenya sitepula."

"Ndiye?"

"Ndiye si ya mayi aja. Ofesi imeneyo ili ndi kachitidwe kake. Munthu akapatsidwa viza amamumatira ndi selotepi. Akakanidwa amangomenya sitepula kawiri, kha kha, n'kumukankhira pa windo. Ife timadziwiratu munthu akungotuluka pa geti. Envelopu ikanyezimira, ma taxi amamuthamangira. Ikapanda kunyezimira, amapita ndi Mayi Mafoni ndi madzi awo."

Sajeni anaimirira pang'onopang'ono. Wakubayo sanatole envelopu pansi mwangozi. Anabwera nayo yokonzakonza, atazula mapini, atadula makatoni, atamata selotepi yake. Ankadziwa tsiku lomwe telala adzatenge mapasipoti, ankadziwa kuti ndi awiri, ndipo iye mwini anali atakanidwapo pa windo lomwelo.

* * *

Mlonda wa pa geti la ofesi ya viza anali bambo wachikulire wowongoka ngati mlongoti, wa nsapato zoti munthu n'kudzionerapo nkhope. Ankayankhula ngati mawu amagula.

"Za mkati sindiyankha. Lamulo."

"Sindikufunsa za mkati, bambo. Ndikufunsa za mumsewu, ndipo msewu ndi wanga. Mtsikana uja atagwa, pa kontena panaima galimoto?"

"Inaima."

"Ya kuti?"

Mlondayo analoza ndi chibwano kumapeto kwa msewu.

"Mukutsimikiza?"

"Nambala za magalimoto ndimazidziwa zonse. Ndi ntchito yanga."

"Dalaivala wake akuti anali ndi a kazembe m'mawa wonse."

"Anali yekha."

"Magalasi ndi akuda, munaona bwanji mkati?"

"Sindinaone mkati. Ndinaona mbendera." Mlondayo anaoneka wonyansidwa kuti akufotokoza chinthu chodziwikiratu. "A kazembe akakhala m'galimoto, kambendera ka kutsogolo amakavundukula. Ikamadutsa timachita sawatcha. Akatsika, dalaivala amakaveka kathumba kachikopa. Lero kanali m'thumba. Sindinachite sawatcha."

"Dalaivala anatsika?"

"Chitseko chinatseguka. Ine maso anali pa mtsikana. Anagwa pafupi ndi geti langa."

Sajeni anathokoza n'kubwerera ku benchi, miyendo ikufuna kuthamanga koma iye akuikaniza. Anthu anali atayamba kubalalika. Telala anali pomwe paja, akukupiza mwana ndi kapepala. Bambo wa suti yakuda panalibe.

"Amuna anu ali kuti?"

"Abwerera ku ntchito. Akuti abwana awo angawafune."

Sajeni anakhala pambali pake n'kutsitsa mawu. "Mayi, ndifunse. Bwanji mukupita awiri? Bambo ake sakufuna kuperekeza mwana?"

"Ankafunitsitsa. Tinapempha tonse atatu, koma iwo anawakana sabata yatha. Okanidwa amawabwezera msanga. Akuti amatero dala, kholo limodzi lizitsala kuno kuti enawo adzabwerere."

"Pasipoti yawo anawabwezera mu chiyani?"

"Mu envelopu ngati yomweyi. Anafika nayo kunyumba, anaiika pamwamba pa kabati, osayankhula ndi munthu mpaka..."

Kapepala kokupizira mwana kanaima m'malere. Telala anayang'ana envelopu ili m'manja mwa Sajeni, n'kuyang'ana kumapeto kwa msewu, ndipo nkhope yake inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Ayi," ananong'ona. "Ayi, bwana. Ndi mwana wawo."

* * *

Geti la kumapeto kwa msewu linali la zitsulo zoimirira, lotha kuonera mkati. Galimoto yakuda inali chapomwepo pansi pa denga, kambendera kali m'thumba lake. Sajeni akanatambasula mkono pakati pa zitsulozo akanatsala pang'ono kuikhudza. Koma galimotoyo sakanaisecha, bwalolo sakanalowamo, ndipo munthu woima mkatimo sakanamugwira ngakhale kolala. Kuti alembere akuluakulu, akuluakuluwo alembere anzawo, ndege ikanapita n'kubwera kangapo. Sajeni anamva ukali ukumukwera mpaka m'makutu, ndipo anaumeza, poti ukali sukanatsegula geti.

Anapempha mlonda wa pamenepo kuti amuitanire dalaivala. Bamboyo anabwera akupukuta manja ndi kansanza, n'kuima mkati, patali pang'ono ndi zitsulo.

"Mwamumanga, bwana?"

"Tulukani tikambirane."

"Ndili pa ntchito. Nenani pomwepo."

"Chabwino. Munati munali ndi a kazembe. Mbendera inali m'thumba, a Dalaivala."

Kansanza kanasiya kuyenda.

"Inu nomwe munaiveka ndi manja anu," anapitiriza Sajeni. "Bodza munalikonza bwino, koma dzanja linachita zomwe linazolowera. Munawatula abwana anu ku hotela, n'kubwerera kuno nokha. Envelopu ija ndi yanu, ili ndi mabowo a sitepula. Mapasipoti ali m'galimoto umo, chifukwa mukudziwa kuti ndi malo okhawo omwe sindingafikepo."

"Mulibe umboni."

"Umboni ndili nawo wokwanira kukudikirirani pano mpaka muweruke. Koma ine sindikufuna inu. Ndikufuna mwana akwere ndege."

Dalaivala anaseka kuseka kopanda mano, ndipo mwadzidzidzi anayandikira n'kugwira zitsulo ndi manja onse awiri.

"Akwere ndege! Nonse mukungoti ndege, ndege. Munalipo pomwe dokotala ankayankhula? Anati pali ana ena sadzuka pa tebulo paja. Ananena yekha, ine ndikumva! Pano mwana wanga akudwala, inde, koma ndikaweruka amandithamangira, ndimamunyamula. Kumeneko akakagona osadzuka, ine ndili kuno ndikutsuka galimoto ya munthu, ndidzamva pa foni? Adzamuika ndani? M'dothi la ndani?"

"Ndiye munaona kuti bola afere pano?"

"Ndinkafuna nthawi! Ndipemphenso viza, mwina andipatse, tipite tonse. Ndakhala pa msewu uno zaka zambiri, bwana. Ndatengera anthu ku bwalo la ndege akulumbira kuti abwera mwezi wamawa. Ndikuwadikirabe mpaka lero. Andisiya kuno ngati chikole, ndiye ndikhale chete?"

"Nanga Mayi Mafoni anakulakwirani chiyani?"

Bamboyo anagwetsa nkhope. "Sindinafune kuti ziwagwere. Ndinkati ndikawapeza mayi a Kabatani panjira, ndiwanyamulire chikwama, ndisinthe maenvelopu. Ndiye ndinangoona kontena ili yokha, chikwama chawo chili pafupi ndi chitseko, envelopu ili mkati."

"Koma chala munawaloza, n'kundiuza kuti ndiwamange."

Dalaivala anatukula nkhope. Maso ake anali atadutsa paphewa pa Sajeni. Telala anali ataima kumbuyoko, mwana ali kumsana, ndipo zinali zoonekeratu kuti wamva zonse. Sanalire ndipo sanakuwe. Anamasula nsalu, n'kutsitsa mwanayo, n'kumuimika pansi kutsogolo kwa geti.

"Kabatani, pita kwa adadi."

Kamwanako kanamwetulira n'kuyamba kuyenda. Kuchoka pomwe kanaima kufika pa zitsulo sipanali patali, koma kasanafike pakati kanaima, kanagwira pachifuwa, n'kunjuta pansi, kakukoka mpweya ndi kukamwa. Milomo inadera kwambiri. Sajeni anafuna kukanyamula, koma telala anamugwira mkono mwamphamvu yodabwitsa.

"Mukuti amakuthamangirani, bambo a Kabatani? Anasiya liti kukuthamangirani? Mwezi wathawu ankafika pa chitseko. Pano ndi inu mumapita pomwe wakhala, n'kumadzinamiza. Mukuganiza kuti ine sindikuopa tebulo limenelo? Ndimasoka zovala za anthu misozi ikugwera pa makina. Koma nthawi yomwe mukuifunayo si yanu, ndi ya mwanayu, ndipo muyang'aneni ngati ali nayo."

"Adadi," anatero Kabatani ali chinjutire, "ndinyamuleni."

Dalaivala anatambasula manja pakati pa zitsulo, koma sanamufikire. Anakhala choncho kanthawi, manja ali m'malere. Kenako anatembenuka n'kupita ku galimoto. Sajeni anagwira mpweya, poti munthuyo akanathanso kungolowa m'nyumba osatulukanso. Anamuona akutsegula chitseko chakumbuyo, akuwerama, akupisa dzanja pansi pa mpando wa a kazembe.

Anatulukira pa kageti ka oyenda pansi ali ndi envelopu yakhaki, selotepi yake ikunyezimira. Sanaipereke kwa Sajeni. Anaipereka kwa mkazi wake ndi manja awiri.

Telala anaing'amba pomwepo. Anatsegula pasipoti yoyamba, n'kuyang'ana chithunzi ndi viza, anatsegula yachiwiri n'kuchita chimodzimodzi, mosafulumira, mwamuna wake ataima ngati mwana wa sukulu. Atatha anawaika mkati mwa bulauzi, osati m'chikwama.

"Mundimanga, bwana?" anafunsa Dalaivala ndi mawu osasa.

Sajeni anamuyang'ana. Unyolo unali m'chiuno, ndipo kunena zoona dzanja linkamuyabwa. "Odandaula ndi awa. Akati ndilembe, ndilemba. Koma kaya alemba kaya salemba, mupita pa kontena paja, muima pomwe munaima muja, ndipo mupepesa Mayi Mafoni mokweza ngati mmene munawatukwanira."

"Ndipita."

"Mayi?"

"Ndilibe nthawi ya polisi, bwana. Kwa matikiti atseka." Telala anakoleka chikwama paphewa.

Dalaivala anali atagwada kale, atamukumbatira mwanayo, nkhope ataibisa m'khosi mwake. Anaimirira naye, n'kutambasula dzanja linalo mwachizolowezi kuti alandire chikwama cha mkazi wake.

Telala anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Inu nyamulani mwana, mumunyamule mpaka mawa pa chitseko cha ndege," anatero. "Chikwama ndinyamula ndekha."